Tsiku Limene Wezulo ya Masana Sinalire

Sendererani kuno kufupi ndi boyila, chiperoni chimenechi sichikata msanga, ndipo lole ya masamba sibwera mpaka msewu uume. Ena mwa inu mwandifunsa kangapo chifukwa chimene ine, Lufeyo Muhariwa, kalaliki wamkulu wa fakitale ino ya tiyi, ndilibe kiyi wa kachipinda ka seva, chonsecho mlonda ali naye. Palibe anandilanda. Ndinakapereka ndekha ndi manja anga awa, ndipo mukamva nkhaniyi mundiuza ngati ndinalakwa.

Inu mwabwera posachedwa, simunaione nthawi ya pa esiteti. Kale pano tinali ndi nthawi yathuyathu, yotsalira mphindi makumi awiri kumbuyo kwa dziko lonse. Chinayambitsa ndi seva, kompyuta yaikulu ija imene imasunga zonse za fakitale. Ndi imeneyo imachititsa kuti wezulo ya m'mawa, ya masana ndi yoweruka zilire, ndipo ndi yomweyo imayendetsa wotchi yaikulu ili pakhomapo. Wotchi ya m'kati mwake inkatsalira pang'onopang'ono, sekondi lero, sekondi mkuja, zaka n'kumapita, ife n'kumangotsatira. Palibe ankadandaula. Mafoni ankanena zawo, ife tinkanena zathu, ndipo wofuna minibasi ya 7 koloko pamphambano ankadziwa yekha kuti anyamukiretu.

Zinavuta makina a kulikulu ku Blantyre atayamba kukana zimene seva yathu inkatumiza, ati nthawi sizikugwirizana. Ndiye anatitumizira katswiri. Ine ndinkayembekeza bambo wa jekete ndi galimoto, koma pa njinga yamoto ya kabaza panatsika mayi wochepa thupi, kachikwama kumsana, nsapato zili matope okhaokha. Anati dzina lake ndi Zione Khoromana. Anapereka moni kwa aliyense, kuyambira mlonda mpaka a Likhutcha osonkhezera moto wa boyila ino, munthu amene ngakhale akapitawo ankamudutsa ngati chitsa. Atamaliza m'pamene anafunsa za seva.

Ndisakunamizeni, mayi ameneyu ntchito ankaidziwa, ndipo sankaibisa. Anandikhazika pambali pake n'kumandionetsa chilichonse chimene ankalemba. Anati kuyambira tsikulo seva yathu izifunsa nthawi kudzera pa netiweki kwa makompyuta ena anayi akutali amene amasunga nthawi yoona. Nditafunsa kuti anayi onsewo a chiyani, anandiyankha kuti ukafunsa njira kwa munthu mmodzi, akanama wasochera. Ukafunsa awiri n'kusiyana, sudziwa wonama ndani. Koma pa anayi wonama amaonekera yekha. Anatinso seva ikafunsa imawerengera nthawi imene yankho lakhala panjira, poti yankho lochokera kutali limafika litakalamba pang'ono. Pa sikirini panaoneka mizere inayi, uliwonse ndi dzina lake, ndipo yonse inkagwirizana kuti ife tili kumbuyo ndi mphindi makumi awiri.

Ine ndinati basi tingoikankha, ngati mmene timachitira ndi wotchi ya pamkono. Iye anapukusa mutu. Anandionetsa kamzere kamodzi ka mawu kamene kangadumphitse nthawi nthawi yomweyo, n'kunena kuti akundionetsa kuti ndikadziwe, ndisadzakakhudze.

"Nthawi sadumphitsa, a Muhariwa," anatero. "Amaikoka pang'onopang'ono. Mukadumpha, zonse zimene zimayenera kuchitika m'mphindi mwadumphazo zimasowa pokhala."

Iye anakonza zoti seva izithamangako pang'ono, mphindi ziwiri patsiku, kuti pakutha pa masiku khumi tidzapezeke tafanana ndi dziko popanda wodziwa. Masiku khumi! Ine ndine munthu wa phuma, sindikana. Mkazi wanga Elube amati ndimafuna kukolola tsiku lodzala. Mumtima ndinati mayiyu akungofuna kumva kuzuna kwa tiyi wa pa esiteti. Kenako bwana manejala anaimba foni ali kutauni, n'kunena kuti akamafika madzulo apeze zonse zili m'malo. Zione anali atakwera kachitunda kuseri kwa fakitale kukaona mlongoti wa netiweki umene unkadukizadukiza, ndipo sikirini anaisiya yotsegula poti ankandiyesa munthu wamkulu.

Wotchi inkati 11:45. Ndinalemba kamzere kaja, n'kudina. Wotchi inati 12:05.

Ndinakhala pampando ndikumwetulira ndekha. Palibe chinaphulika, magetsi sanathime, makina ouma tiyi ankangolira monga mwa masiku onse. Panapita kanthawi ndisanazindikire chimene chinkandisowetsa mtendere. Wezulo ya 12 koloko inali isanalire, ndipo sikanaliranso, pakuti 12 koloko ya tsiku limenelo ndinali nditaidumpha. Panja anthu anayamba kutuluka mmodzimmodzi, kuyang'ana wotchi ya pakhoma, kuyang'anana. Mbalame za m'mitengo ya bulugama, zija zimasokosa masana onse, zinali zii.

Tsono mudziwe kuti masiku onse Elube ankanyamuka kukomboni 12 koloko isanakwane, atamanga mbale zanga m'kansalu. Njira yake ndi ija imadutsa m'bulugama n'kutsikira pa kamlatho ka matabwa, pamene pali manda akale a anthu amene anathyola tiyi pano makolo athu asanabadwe. Wezulo inkamupeza pa kamlathopo, ndipo ankati amaitenga ngati moni wanga. Tsiku limenelo pamene ndinkadina paja, iye anali m'njira imeneyo.

Ndinadikira, osabwera. Ndinapita pawindo, ndinabwerera, ndinapitanso. Wotchi itati 12:25 chitseko cha ofesi chinalira ngati wina wachikankha, koma sichinasunthe. Nditacheuka ndinapeza mbale zili pa tebulo, zomanga m'kansalu kake kaja ka maluwa ofiira. Ndinazigwira, zinali zofunda. Fungo la mafuta amene amadzola linali m'chipindamo. Mpando wa alendo unalira ngati wina wakhalapo, patapita kanthawi unaliranso ngati wadzuka. Ndinatuluka kukafunsa mlonda, iye n'kulumbira kuti pageti sipanadutse munthu wa chitenje chiyambire m'mawa.

Chakudya sindinachikhudze. Ndinathamangira m'njira ya kukomboni. Ndili m'kati mwa bulugama ndinamva wezulo ikulira kumbuyo kwanga, mawu ake osasa, aafupi. Anali a Likhutcha, atakoka chingwe chakale choimbira wezulo pamanja kuti anthu akapume. Nditafika pa kamlatho ndinaima n'kuitana dzina la Elube mokuwa. Kunali chete. Ndinapitirira mpaka kunyumba, kumene mayi woyandikana nafe anandiuza kuti Elube wanyamuka nthawi yake yomweija, ndipo anamubwereka mchere asanatseke chitseko.

Pobwerera ndinakumana ndi munthu m'njira. Ine pano ndimadziwa aliyense, ndi mwana yemwe, poti maina onse amadutsa m'manja mwanga, koma ameneyu sindinamuonepo. Anali ndi dengu lalikulu kumsana, la nsungwi, osati apulasitiki amene timagawa masiku ano, ndipo m'chiuno anamanga chiguduli. Dengulo linali lodzaza mpaka kusefukira. Nkhope yake sindingaifotokoze, chifukwa ndikati ndimuyang'ane maso anga ankangotsetserekera pa dengu. Sanandipatse moni. Anangofunsa ndi mawu otopa, "Kodi yalira?"

Ndinamuuza kuti yalira posachedwa pomwepa, kodi sanaimve.

"Ija si yake," anatero, n'kupitirira. Masamba ouma a bulugama sanaphwanyike pansi pa mapazi ake.

Ndinapitirira mpaka ndinafikanso pa kamlatho. Kuchokera pamenepo wotchi ya fakitale imaoneka bwinobwino, ndipo inkati 1 koloko. Ndili chiimire, mawu a Elube anamveka paphewa panga penipeni, mawu ake enieni a munthu wotopa ndi mwamuna wake.

"Ndili pompano, bambo a Tiyese, mukukuwiranji?"

Ndinacheuka uku ndi uku, panalibe munthu. Ndinapapasa mphepo. Ndinachita mantha amene sindinachitepo chibadwire, ndipo ndinathawa, ine mwamuna wake. Ndili m'njira m'pamene ndinawerengera kuti kuchokera pamene ndinaitana paja panali patapita mphindi makumi awiri ndendende.

Kufakitale ndinapeza anthu ataunjikana pa shedi yopimira masamba, atasiya mpata waukulu pakati. Sikelo inkayenda yokha. Muvi unkakwera, n'kuima, n'kutsika, n'kukweranso, monga zimakhalira anthu akakhala pamzere ndi madengu. A Likhutcha anali ataima kumbuyo, akutafuna nzimbe ngati palibe chachitika. Munthu uja sankakonda kuyankhula, koma tsikulo anandiuza kuti agogo awo ankanena zoti akale aja a pa kamlatho sanasiye ntchito. Amalowa ndi wezulo ya m'mawa, amapuma ndi ya masana, yoweruka ikalira amatsikira kwawo kumtsinje. Sitikumana nawo chifukwa aliyense amayenda m'nthawi yake. Nditawauza za Elube anasiya kutafuna. Anati ngati Elube ali pakati pa akalewo, wezulo ya 5 koloko ikalira atsika nawo, poti akale aja sasiya munthu pamzere.

Zione ndinamupeza m'kachipinda ka seva, atabwera kale kuchokera kuchitunda, akuwerenga mbiri imene seva imalemba ya zonse zochitika. Sanakweze mawu. Anangofunsa kuti wakhudza ndani. Apa ndipo pamandichititsa manyazi mpaka lero. Ndinati mwina yadzikonza yokha. Ndinati mwina ndi magetsi. Ndinayang'ana kudenga, ndinayang'ana nsapato zanga, mkazi wanga ali pa kamlatho pakati pa anthu osaoneka. Inatha pafupifupi mphindi yathunthu ndisanavomere kuti ndine, n'kufotokoza zonse, za mbale, za munthu wa dengu, za mawu aja.

Ndinkayembekeza kuti aseka, kapena anena kuti iye ndi wa makompyuta, za mizimu tikaitane abusa. M'malo mwake anandifunsa mafunso ngati mmene akanafunsira za makina. Munaitana nthawi yanji? Yankho linafika nthawi yanji? Mawuwo anachokera mbali iti? Kenako anatembenuza sikirini kuti ndione. Pansi pa mizere inayi ija panali mzere wachisanu. Pamalo pa dzina panalibe kanthu. Mzerewo unkayankha ngati inzake, koma unkanena nthawi yathu yakale ija.

"Umenewu sindinaulembe ine," anatero Zione. "Koma sindiufufuta. Ukuyankha mokhulupirika."

Ndinamuchonderera kuti adumphitse nthawi kubwerera m'mbuyo, zonse zikhale monga zinalili. Anakana. Anati ndadumpha kamodzi ndataya munthu mmodzi, ndipo pabwalopo pali anthu mazana awiri. Ndinati basi atseke wezulo ya 5 koloko kuti isalire. A Likhutcha, amene anali ataima pakhomo, anati akale aja agwira ntchito chiyambire m'mawa osapuma chifukwa cha ine, tikawamananso yoweruka abwera okha kuofesi kudzafunsa. Zione anavomereza, n'kunena kuti iye sadumphitsa chinthu chachiwiri pofuna kukonza choyamba.

Zala zake zinali zitayamba kale kulemba pamene ankayankhula. Anati Elube sangathe kutithamangira, ndiye ife timudikira. Anauza seva kuti pa nthawi iliyonse imene makompyuta anayi aja anena izichotsapo mphindi makumi awiri, ndipo ibwerere kumeneko mwa kuyenda pang'onopang'ono, osadumpha. Kuchedwetsa kumeneko kuli ndi malire ake, mphindi zisanu zokha pa ola, kotero panafunika maola anayi. Atadina anatenga cholembera n'kuwerengera pa kapepala kawiri konse. Wotchi inali itangodutsa 1:20. Anandiyang'ana, n'kundiuza mosabisa kuti tachedwa ndi pafupifupi mphindi imodzi, moti wezulo ya 5 koloko idzalira kutatsala masekondi anayi pakati pa ine ndi mkazi wanga. Mphindiyo inali ija ndinataya ine pokana kuvomera, ndipo kudziwa zimenezo kunandipweteka kuposa kutukwanidwa.

Kenako anatuluka pabwalo, mayi wochepa thupi uja, n'kupempha anthu onse kuti azimitse mafoni, avule mawotchi, aike m'thumba la tiyi. Anati kwa maola anayi pa esiteti pakhale wotchi imodzi yokha, ya pakhoma. Sanawopseze munthu, sanalonjeze kanthu. Anangoti pali mayi wina watsalira panjira, ndipo timudikira. Akapitawo amene sankamvera ngakhale ine anali oyamba kuvula. Amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ine ndinaziona tsiku limenelo.

Ine anandipatsa ntchito yovuta kuposa zonse. Anati ngati yankho likuchedwa mphindi makumi awiri, ndiye kuti Elube akuona pamene ndinali, osati pamene ndili. Ndikamayendayenda azingogwira mphepo monga mmene ine ndinachitira.

"Pitani pa kamlatho mukaime malo amodzi," anatero. "Musasunthe phazi. Muzimuitana, muziyang'ana wotchi. Akakugwirani musamukoke, mungogwira. Iye afika yekha."

Ndinakaima pakati pa kamlatho, pa thabwa lachisanu. Ndinamuitana n'kumuuza kuti asachoke, abwere pamene ndaimapo. Ndinayang'ana wotchi yaikulu ija. Munthu sakanadziwa kuti ikuchedwa, koma m'thupi zinkamveka, ngati mmene umamvera basi ikayamba kukwera chitunda. Yankho linabwera patapita mphindi pafupifupi khumi ndi zisanu ndi zitatu. Elube anali wokwiya. Anati anabwera kuofesi, anandipatsa moni, ine ndinangoyang'ana pawindo ngati iye ndi mpando. Anati pobwerera wapeza njira yadzaza anthu a madengu, sakumulola kudutsa, akuti adikire nawo wezulo. Anafunsa ngati esiteti yalemba aganyu atsopano.

Ndinamuuza kuti inde, aganyu, asawalabadire. Bodza limenelo lokha sindichita nalo manyazi.

Dzuwa linandiwamba mpaka 3 koloko, kenako chiperoni chinatsika kuphiri ngati lero lino. Miyendo inachita dzanzi. Linthumbwi linandikwera m'buluku, ndinangoluma mano. Koma mayankho ankafika msanga kuposa poyamba, mphindi khumi ndi zitatu, kenako khumi, ndipo yankho lililonse linkandipatsa mphamvu. Zione anatsika kamodzi kudzandiona. Anandifunsa kuti yankho lomaliza latenga nthawi yaitali bwanji, n'kunena kuti zikugwirizana ndi mzere wachisanu uja. Anandifundika juzi yake, yaing'ono moti inangokwana phewa limodzi, n'kubwerera akuthamanga.

Zimene zinachitika kufakitale pambuyo pake ndinamva kwa a Likhutcha. Bwana manejala anafika cha m'ma 3 koloko n'kupeza wotchi idakali kumbuyo, anthu alibe mafoni, sikelo palibe woiyandikira. Anakalipa, n'kulamula kuti nthawi ikankhidwe pomwepo ifanane ndi ya pamkono pake. Zione anaimirira mwaulemu, anapereka moni, n'kukhalanso pampando kutchinga kompyuta ndi thupi lake.

"Bwana, mawa mukhoza kuimba ku Blantyre kuti andichotse ntchito, nambala ndikupatsani ndine," anatero. "Koma lero pampando pano sindichoka. Ndiponso ndikupempha wotchi yanuyo."

A Likhutcha amati bwana anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma nthawi yomweyo chitseko cha ofesi chinagogodedwa katatu, panja popanda munthu, ndipo mawu otopa anafunsa kuseri kwake ngati yalira. Bwana anavula wotchi yekha, n'kukaiponya m'thumba la tiyi.

Ola lomaliza ndi limene sindikonda kulikumbukira. Nkhungu inakuta zonse, wotchi ndinkangoiona mwa apo ndi apo. Pamene Elube ankayandikira, enawonso ankayandikira naye. Matabwa a kamlatho anayamba kulira mbali zonse. Fungo la masamba aawisi ndi ziguduli zonyowa linandizinga. Madengu ankandikhudza m'mapewa, wina anatsokomola kumbuyo kwa khutu langa, ndipo ndinamva kupuma kwa anthu ambiri amene aima nthawi yaitali ndi katundu wolemera. Sanandichite choipa chilichonse. Anali otopa basi, ndipo wowatopetsa ndinali ine. Ndinawapepesa mokweza, misozi ikutsika, kaya anamva kaya sanamve.

Mawu a Elube anali atasintha. Ukali uja unatha. Anati wayamba kuzizidwa, ndipo waona kuti anthu aja alibe mithunzi. Patapita kanthawi anati mayi wina wokalamba akumupempha kuti amulandire dengu, lamulemera, iye akumumvera chisoni. Ndinamuuza kuti asalandire, koma mawu anga anali ndi mphindi ziwiri zoti ayende. Mphindi ziwiri zimenezo ndinazimva chilichonse cha m'kati mwake. Yankho litabwera anati wagwira kale lamba mmodzi. Ndinamuuza kuti dzanja linalo agwire langa, ndipo ndinalitambasula kutsogolo, osalisunthanso.

Mayankho tsopano ankachedwa mphindi imodzi yokha. Theka la mphindi. Ndinayamba kuona kanthu kofiirira m'nkhungumo, pamene pakanakhala mpango wake. Dzanja langa ndinalichirikiza ndi linzake. Kenako ndinamva zala zozizira zikupapasa chikhatho changa, zikuphonya, zikubwereranso. Ndinazidziwa ndi chipsera cha mpeni pa chala chachikulu. Ndinafumbata.

Wezulo inalira. Sindinaimvepo ikulira motero, yaitali, yodzaza, mpaka kamlatho kananjenjemera. Mbali zonse ndinamva anthu akuusa moyo, ndipo mzere wonse unayamba kutsikira kumtsinje. Dzanja lija linakokedwa. Thupi langa lonse linkafuna kukoka, kulimbana, kumukwatula, chifukwa ndi mmene ndakhalira moyo wanga wonse. Koma ndinakumbukira mawu a Zione, ndinangogwira. Zala zinatsetsereka mpaka kunsonga. Ndinawerenga kamodzi, kawiri, katatu, kanayi. Ndinamva dengu likugwa pa matabwa, ndipo Elube anali ataima patsogolo panga, atanyowa, masamba a tiyi ali m'mpango, paphewa lake pali mkwingwirima wa lamba.

Ndinamutchula dzina. Anandiyang'ana nthawi yaitali ndithu asanayankhe.

"Chakudya chija mwadya?" anafunsa.

Pamene tinkafika kufakitale anthu onse anali pageti, palibe anali atapita kwawo ngakhale wezulo inali italira. Zione anali kumbuyo kwa onse. Ataona Elube anakhala pansi pa sitepe n'kubisa nkhope m'manja, ndipo m'pamene ndinazindikira kuti maola onse aja mayiyo anali ndi mantha ngati ine ndemwe, kungoti sanawaonetse. Amayi a kukomboni ankafuna kumunyamula, iye anakana, ati ntchito sinathe, poti esiteti yabwerera kumbuyo kumene anaipeza.

Anakhala nafe masiku khumi aja onse, akugona kwa mayi wina wa kukomboni, m'mawa uliwonse akuyang'ana mizere yake. Seva inkathamangako mphindi ziwiri patsiku, ndipo wezulo iliyonse inalira pa nthawi yake. Tsiku lakhumi mafoni ndi wotchi ya pakhoma zinanena chimodzi, popanda amene anamva kusintha. Mzere wachisanu uja unabwera nafe mpaka kufika, ndipo sikelo sinayendenso yokha. Kiyi ndinapereka tsiku limenelo. Ndagwira ntchito ndi anthu ophunzira ambiri, koma wodziwa kudikira ngati Zione Khoromana sindinamuonenso.

Asananyamuke ndinamufunsa za masekondi anayi aja, poti tinali titaona kale kuti sanathe. Anandiuza kuti wayesa zonse zimene amadziwa, koma zimene zinatsala wezulo italira zinatsika ndi eni ake kumtsinje. Sanandinamize kuti zidzatha.

Mpaka lero Elube amayankha mochedwa. Mukamuuza nthabwala amaseka inu mutasiya kale. Kutchalitchi amaimirira anzake ataima, ndipo kwaya anasiya yekha. Anthu osadziwa amamutama kuti ndi mayi wanzeru, amayamba waganiza asanayankhule, moti anamusankha kukhala mlangizi wa maukwati, ndipo iye amangovomera. Sanandidzudzulepo ngakhale tsiku limodzi, chonsecho za mphindi ija ndinamuuza ndekha.

Papita zaka zisanu ndi chimodzi. Ndikaweruka n'kufika pakhomo, ndimaima pa sitepe, n'kumuitana kamodzi. M'nyumba mumakhala zii. Ndimadziwa kuti alimo, nsapato zake zili pakhomo, utsi ukutuluka kukhitchini, komabe m'masekondi anayi amenewo ine ndimakhala namfedwa, tsiku ndi tsiku. Sindiitana kachiwiri, sindisuntha phazi. Ndimangoima pomwepo mpaka afike.